Magazi pakati pa ubongo ndi chigaza: lipoti la bambo achikulire amene tinawalandira ngati odwala sitiroko

Lipoti ili ndi la bambo a zaka 71, mlimi, amene anafika pa chipatala chathu cha boma ndi kalata yochokera kuchipatala chaching'ono yonena kuti agwidwa sitiroko. Ndalembera anzanga amene timaona odwala kumalo kopanda makina ojambulira ubongo: ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino. Dzina lawo ndi mudzi wawo sindizitchula, ndipo eni ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe.

Mmene anafikira

Bambowa ndi a dzanja lamanja, amadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo kwa zaka zingapo ndiwo ankasunga buku la banki mkhonde ya m'mudzi mwawo. BP anawapeza nayo kalekale koma mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo. Masese ankawalawa ndithu, makamaka anthu akakolola. Shuga alibe, fodya sasuta, khunyu sanadwalepo.

Amene anabwera nawo ndi mwana wawo wamwamuna wokhala m'tauni, yemwe anali atangofika kumudzi atamva uthenga. Anafotokoza mwachidule: bambo agwidwa sitiroko sabata yatha, dzanja lamanja silikugwira, akulankhula zosamveka, kuchipatala chaching'ono awapatsa aspirin. Kabuku ka kuchipatala kanali ndi zambiri kuposa pamenepo. Pafupifupi mwezi umodzi m'mbuyomo anapitako akudandaula mutu; malungo sanapezeke, anabwerako ndi Panado. Patapita masabata atatu anapitakonso, BP ili 172/96, dzanja lamanja litafooka, ndipo mpamene anayamba aspirin. Mnzathu amene analemba zimenezi sindikumunena. Munthu wokalamba wa BP akafooka mbali imodzi, nthawi zambiri imakhaladi sitiroko.

Titawayeza, BP inali 168/92, mtima ukugunda ka 64 pa mphindi, thupi losatentha, shuga 110 mg/dL, mlingo wa magazi (Hb) 12.4, malungo ayi, HIV ayi. Khosi silinali louma. Maso ankatsegula ukawaitana, ankayankha mosokonekera, koma zimene wawauza ankachita: GCS (muyeso wa mmene munthu alili maso ndi mmene akuyankhira) inali 13 pa 15. Mwanadiso wa kumanja ndi wa kumanzere anali ofanana, ndipo onse ankachepa tikawalitsa tochi.

Nditawauza kuti atambasulire manja onse kutsogolo zikhatho zitayang'ana kumwamba, n'kutsinzina, dzanja lamanja linayamba kutembenuka ndi kutsika pang'onopang'ono iwo osadziwa. Mphamvu ya mkono wamanja inali 3 pa 5, ya mwendo wamanja 4 pa 5, kumanzere kulibe vuto. Akaonetsa mano, pakamwa pankakokera kumanzere, koma pamphumi pankachita makwinya mbali zonse ziwiri. Pamwamba pa khutu lakumanzere panali mphini zatsopano. Ine mphini sindizidumpha poyeza wodwala, chifukwa asing'anga amatema pamene munthu waloza kuti mpopweteka.

Ndinawaonetsa supuni. Anaiyang'ana, n'kuchita ngati akumwera phala, koma dzina lake silinabwere. "Chija... chodyera chija," anatero akudzikwiyira. Kiyi anaitchula kuti chitseko. Koma nditati, "Bambo, gwirani khutu lanu ndi dzanja lamanzere," anagwira. Namwino wa pa wodi anandiuzanso kuti amayi a kumpingo atabwera kudzazonda wodwala wa pa bedi loyandikana nalo, bambowa ankaimba nawo mawu osaphonya.

Kupeza malo a vuto popanda makina

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4 ndipo uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni. Chimene chimatithandiza ife pa bedi la wodwala n'chakuti ntchito zake zinagawidwa m'malo odziwika, moti chiwalo chimene chafooka chimaloza malo ake.

Malamulo oyendetsa minofu amachokera pa kamzere ka pamwamba pa ubongo kamene kamatsika kuchokera paliwombo kulowera cha kukhutu. Wilder Penfield, dokotala wa opaleshoni ya ubongo ku Montreal, anajambula mapu a kamzereka m'zaka za m'ma 1930 pokhudza ubongo wa odwala khunyu ndi magetsi ochepa iwo ali maso, n'kumaona chiwalo chimene chagwedezeka. Mwendo uli pamwamba penipeni, mopindikira mu mpata wa pakati pa mbali ziwiri za ubongo. Dzanja ndi nkhope zili m'mbali, moyang'anana ndi fupa la chigaza, ndipo zinatenga malo aakulu. Mitsempha yochokera pamenepa imatsika, ndipo yambiri imapingasana pansi pa tsinde la ubongo, ya kumanzere kupita kumanja, ya kumanja kupita kumanzere. Choncho mkono ndi nkhope zofooka kumanja, mwendo utakhudzidwa pang'ono chabe, zinkaloza m'mbali mwa ubongo wa kumanzere. Mphumi inapulumuka chifukwa minofu yake imalamulidwa ndi mbali zonse ziwiri. Ikanafooka nayo, tikanakayikira mtsempha wa nkhope weniweniwo, kunja kwa ubongo.

Supuni ija inkaloza komweko. Mu 1861 Paul Broca ku Paris anafotokoza za wodwala amene ankamva zimene akuuzidwa koma ankangobwereza liwu limodzi. Atamwalira, anapezeka ndi chilonda chakutsogolo kwa ubongo wa kumanzere. Mu 1874 Carl Wernicke anaonetsa kuti kumvetsa mawu kumadalira malo ena, chakumbuyo, mbali yomweyo. Mwa anthu a dzanja lamanja, oposa 9 pa 10 alionse chilankhulo chawo chili kumanzere. Kuimba nyimbo yoidziwa kale kumadalira kwambiri mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake munthu wolephera kutchula supuni amatha kumaliza ndime yonse. Achibale akaona zimenezi amati akuchitira dala, kapena kuti muli za anthu. Ndi bwino kuwafotokozera asanafike pamenepo.

Malo tinali titawadziwa. Chotsala chinali kudziwa chimene chili pa malopo, ndipo chimenecho kuyeza thupi sikukuuza; amakuuza ndi mayendedwe a matendawo. Sitiroko imabwera mwadzidzidzi, achibale amatchula ndi nthawi yomwe: ankasamba, ankapalira, anadzuka nazo. Apa panalibe wotha kutchula tsiku. Mutu unayamba masabata angapo dzanja lisanafooke. Ndipo tchati cha anamwino chinkaonetsa chinthu chimene sitiroko wamba sichita kawirikawiri: m'mawa anakhala tsonga n'kumwa phala okha, masana ankavuta kudzutsa, madzulo anali akumwetulira alendo.

Mayi a kunyumba

Akazi awo anafika tsiku lotsatira atasenza chakudya. Mwana wawo ankayankha mafunso onse, monga amachitira ana ochokera m'tauni, choncho ndinamutuma kukatenga zotsatira kulabu n'kukhala pansi ndi mayiwo.

"Mayi, bambo anayamba liti kusintha?"

"Kusintha kokha anayamba kale, adokotala. Chikololereni sanali iwo ayi. Ndalama za gulu anayamba kusokoneza, anthu mpaka kumanong'ona. Masana kumangogona, munthu wosadziwa kugona masana."

"Sanagwepo, kapena kumenyetsa mutu penapake?"

"Ayi, sanavulalepo."

"Ngakhale pa njinga? Ngakhale kugunda pa chitseko?"

Anakhala kaye chete. "Kwa panjinga kuja ndiye si kugwa, adokotala. Anadzuka okha, n'kukankha njinga mpaka kunyumba."

Pafupifupi masabata 7 m'mbuyomo, akuchokera kuchigayo ndi thumba la ufa, tayala linaterera mumchenga ndipo anagundira pansi mbali ya kumanzere ya mutu. Sanakomoke. Panatupa pang'ono, m'mawa mwake anapita kudimba.

Funso lakuti "anavulala mutu?" limabweza "ayi" pafupifupi nthawi zonse, chifukwa kumudzi kuvulala ndi magazi, bandeji ndi kugonekedwa. Tchulani zinthu zenizeni: njinga, kabaza, kubafa, kugwa atamwa, nthambi, denga la nkhokwe. Ndipo funsani amene amagona nawo nyumba imodzi, osati amene akudziwa Chingerezi.

Mayiwo anandiuzanso maganizo a pabanja. Popeza matenda anayamba pamene mkangano wa ndalama za gulu unabuka, ambiri ankakhulupirira kuti wina wa m'gululo wawachita chipongwe, ndipo mphini zija zinachokera kumeneko. Sindinalimbane nazo. Ndinangoona kuti ndondomeko yake inali yotembenuka: buku linasokonekera chifukwa mutu unali utayamba kale kudwala.

Chimene chimachitika mkati

Ubongo sukhudzana ndi fupa mwachindunji. Unakutidwa ndi nembanemba zitatu: dura, yolimba, yomatirira ku chigaza, arachnoid, yopyapyala, ndi pia, yomatirira pa ubongo penipeni. Pakati pa ziwiri zamkatizi pamayenda madzi aja timatenga pamsana, pafupifupi 150 ml nthawi iliyonse. Timitsempha tobweza magazi kuchokera pamwamba pa ubongo timawoloka mpata umenewu n'kukathira mu mtsempha waukulu wa mu dura umene umadutsa pakati pa mutu kuchokera kumphumi kupita kunkhongo. Munthu akamakalamba ubongo umanyala pang'ono, mowa wa zaka zambiri n'kuwonjezera kunyalako, koma chigaza chimakhala chomwecho. Ubongo umayamba kugwedera monga mtedza wouma m'khoko lake, timitsempha tija titakokeka. Kugwa kumene mnyamata angangosansa fumbi n'kumapita kumatha kudula kamodzi.

Magazi a m'timitsempha timeneti alibe mphamvu, amatuluka pang'onopang'ono, ndipo malo oti akhalemo alipo. Munthu amapitiriza kulima. Thupi limazinga magaziwo ndi nembanemba yatsopano yokhala ndi timitsempha tosalimba timene timangodontha, ndipo thumbalo limakula kwa masabata, magazi akale atasungunuka. Rudolf Virchow mu 1857 anawafotokoza matendawa ngati kutupa kwa dura. Wilfred Trotter mu 1914 ndiye anatsindika kuti gwero lake ndi kuvulala, kumene nthawi zambiri kumakhala kochepa moti mwini wake anakuiwala. Ndiyo chronic subdural haematoma.

Choopsa chake chagona pa mfundo yakale ya Monro ndi Kellie. Chigaza cha munthu wamkulu sichifutukuka. Mkati muli ubongo, magazi ndi madzi. Chachinayi chikalowa, china chiyenera kuchepa. Poyamba madzi amakankhidwira kumsana, magazi a m'mitsempha yobweza amachepanso, ndipo nthawi yonseyi wodwala amangodandaula mutu ndi tulo. Mpata umenewu ukatha, kadontho kowonjezera kamakweza pulesha kwambiri. Munthu amene wakhala "chimodzimodzi" kwa masabata amatha kutisiya usiku umodzi.

Zimene tinasankha

Aspirin tinamusiya nthawi yomweyo, n'kulemba tsiku limene anamwa komaliza, chifukwa adokotala a opaleshoni amafunsa. Aspirin amalemaza ma platelet (tizigawo ta m'magazi tothandiza kuti magazi aundane) kwa moyo wawo wonse, masiku 7 mpaka 10, choncho kusiya lero sikukonza za mawa. Ndikudziwa kuti kumalo kopanda CT (makina ojambulira ubongo aja) ambirife timapereka aspirin pa sitiroko poganiza kuti mtsempha watsekeka, ndipo nthawi zambiri timalondola. Maganizo anga ndi akuti pakakhala mutu wa masabata, tulo tosaneneka, kusinthasintha kapena mbiri ya kugwa, aspirin adikire chithunzi.

Nkhani ya madzi a pamsana inatitengera nthawi pa raundi. Pa wodi yathu, munthu wosokonekera wa mutu wa masabata akabwera, dzanja limathamangira ku singano yotengera madzi a pamsana kuti akayezedwe, ndipo n'zomveka: cryptococcal meningitis (matenda oumitsa khosi) ndi TB ya mu ubongo taziona kwambiri. Koma bambowa analibe HIV, thupi silinkatentha, khosi linali lofewa, anali ofooka mbali imodzi ndipo GCS inali yotsika. Ngati kumwamba kuli chinthu chimene chikukankha, kuchotsa madzi kumunsi kumakokera ubongo mu bowo la pansi pa chigaza, pamene pali malo olamulira kupuma. Sitinabaye.

Zina zinali zazing'ono koma zofunika. Tinakweza kumutu kwa bedi madigiri 30, khosi lili lowongoka. Dripi inali normal saline, osati dextrose 5%, imene imawonjezera kutupa kwa ubongo. Tinagwirizana kuti akamavuta usiku asapatsidwe diazepam, chifukwa akagona ndi mankhwala sitingadziwenso ngati akutsika. Tiyambe taona ngati chikhodzodzo chadzaza. Dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa, sitinapereke. Ena amamukondabe, koma kafukufuku wamkulu wa ku Britain amene anatuluka mu 2020 anapeza kuti ngakhale omwa mankhwalawa sankabwerera kufiyeta kawirikawiri, ochira bwino pakutha kwa miyezi 6 anali ochepa poyerekeza ndi amene sanamwe, ndipo zovuta zina zinachuluka.

GCS tinapempha kuti iyezedwe ola lililonse, ndipo ilembedwe zigawo zake zitatu padera, maso, mawu ndi kuyenda kwa thupi, osati chiwerengero chimodzi. Muyeso umenewu, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaukhazikitsa ku Glasgow mu 1974, umanamiza pa munthu amene chilankhulo chake chakhudzidwa: mawu amatsika iye ali maso bwinobwino. Pa odwala otere, yang'anani maso ndi manja. Mayi aja tinawaphunzitsanso: akavuta kudzuka, akasanza, kupuma kukasintha, aitane namwino osadikira kuti kuche.

Tinaimbira a opaleshoni ya ubongo ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo anati tiwatumize tsiku lomwelo. Apa ndi pamene tinachedwa. Mwana wawo atamva kuti mwina akaboola chigaza, anati bola apite nawo kunyumba. Mayiwo sanakane, koma anati iwo sangalamule okha. "Ine ndine mkazi chabe, adokotala. Kwawo kuli eni ake. Akakafera ku Gulupu ndidzayankha chiyani?" Ofunika kuvomera anali achemwali awo a bambowa, amene foni yawo sinkapezeka. Mpaka dzuwa kulowa tinali tikudikira. Ndikanalangiza aliyense kuti tsiku loyamba lomwe, pamene mwaona kuti wodwala angafunike opaleshoni, funsani kuti mwini mbumba ndani ndipo foni yake ili pati. Amene wakhala pa bedi nthawi zambiri si amene ali ndi mawu omaliza.

Usiku

Cha m'ma 2 koloko usiku namwino anandiitana. Maso ankatsegula pokhapokha ukawatsina, mawu anali kubuula chabe, dzanja lamanzere linkabwera kudzachotsa pamene watsina: 2, 2 ndi 5, GCS 9. Mwanadiso wa kumanzere anali atakula ndipo ankachedwa kuchepa. Mtima unali pa 50, BP 196/104.

Zizindikiro ziwirizi zili ndi tanthauzo lenileni. Mtsempha wachitatu wa m'mutu, umene umachepetsa mwanadiso, umadutsa m'mphepete mwa chotchinga cha dura chimene chimalekanitsa ubongo wapamwamba ndi wa kunkhongo. Ubongo ukakankhidwira pansi, mbali yake yamkati imatsetsereka pa mphepete imeneyo n'kupana mtsemphawo, ndipo diso la mbali ya vuto ndi limene limayamba. BP yokwera pamodzi ndi mtima wochedwa ndi zimene Harvey Cushing anazifotokoza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900: thupi likukweza BP dala kuti magazi athe kulowa mu chigaza chothina. Pa thireyi panali pataikidwa kale hydralazine, mankhwala otsitsa BP, ndipo tinamubweza. Ubongo ndi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya oxygen, ndipo ulibe nkhokwe. Mukatsitsa BP ya munthu wotere, mwautsekera mpopi.

Tinapereka oxygen, tinaika kathita, n'kuthira mannitol 20%, 150 ml, potengera 0.5 g pa kilogalamu. Mannitol sachotsa magazi aja. Amangokoka madzi mu ubongo n'kukugulirani maola ochepa. Patapita kanthawi GCS inakwera kufika 11 ndipo diso linayambanso kuyankha.

Ndinaimbiranso adokotala a ku Blantyre, ndipo tinakambirana ngati tiboole pompano popanda chithunzi. Mbali tinkaidziwa. Koma msewu ndi wa maola awiri, wodwala anali atayankha mannitol, anali atamwa aspirin masiku apitawo, ndipo magazi osungira tinali nawo ochepa. Tinagwirizana zotumiza. Akanakhala kuti sanayankhe, kapena ulendo unali wa tsiku lathunthu, yankho likanakhala lina, ndipo n'chifukwa chake ndimaona kuti wogwira ntchito mufiyeta ya chipatala cha boma aliyense ayenera kuonako kamodzi mmene amaboolera chigaza.

Mwana wawo, ataona mmene bambo ake asinthira, anaimbira mnansi wa kumudzi amene anakadzutsa azakhali ake. Mawu awo anali ochepa: "Pitani nawoni, musatidikire." Ambulansi inanyamuka kusanache, namwino ali pambali ndi Ambu bag, chipangizo chothandizira wodwala kupuma.

Ku Blantyre

Zotsatirazi ndazitenga m'kalata yotulutsira ndi pa zimene tinakambirana pa foni.

CT imayeza mmene chinthu chilichonse chimatchingira X-ray kuchokera mbali zambiri, kompyuta n'kupanga zithunzi za mutu ngati wadulidwa mapisi. Wodwala woyamba anajambulidwa mu 1971 ku London ndi makina a Godfrey Hounsfield, amene mu 1979 anagawana mphoto ya Nobel ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg. Pa chithunzi chotere magazi atsopano amaoneka oyera, akale amaoneka akuda, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi amafanana ndi ubongo moti osazolowera amatha kuwaphonya. Mwa bambowa munali thumba lopindika motsatira fupa, kumanzere, kuchokera kutsogolo mpaka chakumbuyo, lokhuthala 24 mm. Linali lakuda, koma munali mizere yoyera yosonyeza kuti magazi ena atuluka posachedwa. Mzere wa pakati pa ubongo unali utasunthira kumanja ndi 11 mm. Kawirikawiri thumba loposa 10 mm, kapena kusuntha koposa 5 mm, kumakhala kokwanira kulowera kufiyeta. Chizindikiro cha sitiroko panalibe. Ngati aspirin ndiye anayambitsa mizere yoyera ija palibe angatsimikize, koma sanathandize.

Opaleshoni inachitika m'mawa womwewo, ndi lignocaine wochititsa dzanzi pakhungu ndi mankhwala ochepa ogonetsa. Achibale amadabwa akamva zimenezi, koma ubongo weniweniwo sumva kupweteka. Zimene zimamva ndi khungu, chikuto cha fupa ndi dura, ndipo mutu wa masabata uja unali wa dura yokokeka. Anaboola mabowo awiri. Atang'amba dura, madzi akuda anatumphuka ndi mphamvu. Anatsuka ndi saline wofunda mpaka kuyera, n'kusiya kachubu kotulutsa zotsala kwa maola 48. Kachubuka si kokongoletsa: kafukufuku wa ku Cambridge wa 2009 anapeza kuti kanatsitsa kubwereranso kwa magazi kuchoka pa 24 peresenti kufika pa 9 peresenti, ndipo omwalira pakutha kwa miyezi 6 anachepanso.

Madzulo a tsikulo anatsegula maso okha n'kufunsa kuti ali kuti. Tsiku lachiwiri GCS inali 15, akukweza mkono wamanja pamwamba pa mutu. Tsiku lachitatu anagwa khunyu kamodzi, kuyambira kudzanja lamanja. Anapatsidwa phenytoin ndipo silinabwerenso.

Kuchira kwachangu chotere ndi kumene kumasiyanitsa matendawa ndi sitiroko. Mtsempha ukatsekeka, maselo a malo amenewo amafa, ndipo zimene munthu amapezanso pambuyo pake zimachokera ku malo ena amene akuphunzira ntchitoyo kwa miyezi. Apa maselo anali opanidwa, osati akufa. Katundu atachoka, anayambiranso ntchito.

Atabwerera kwa ife

Anabwera kudzachotsa ulusi akuyenda okha, atagwira ndodo imene sankaifuna kwenikweni. Supuni, kiyi ndi wotchi anazitchula mosavuta, n'kuseka kuti ndikuwafunsa za ana. Za masiku amene anagona pa wodi yathu sankakumbukira chilichonse, ngakhale nkhope yanga.

Masabata oyamba ndi amene magazi amatha kubwerera, makamaka mwa okalamba amene ubongo wawo umachedwa kufutukuka kudzaza malo aja. Popeza sitingajambule aliyense, tinadalira banja ndi manja athu. Mayi ndi mwana wawo wamkazi tinawauza zinthu zitatu zobwera nazo tsiku lomwelo: mutu ukamakula, tulo ta masana tikabwerera, dzanja kapena mawu zikayambanso. Ulendo uliwonse tinkabwereza kuyeza kwa manja otambasula kuja, kumene sikufuna chida chilichonse. Pa sabata yachitatu anadandaula mutu. Manja sanatsike, mawu anali bwino, BP inali 164/94, ndipo tinapeza kuti mankhwala a BP anawathera. Tinawayambitsanso, n'kuwonjezera amlodipine, ndi kuwaonanso patapita masiku ochepa. Mutu unatha.

Aspirin sitinamubwezere, popeza chifukwa chomupatsira chinali sitiroko imene kunalibe, ndipo tinalemba zimenezi pachikuto cha kabuku kuti wina asadzamuyambitsenso poona mawu akale aja. Phenytoin anasiya pang'onopang'ono motsatira malangizo a ku Blantyre. A mafizo anawathandiza zala, zimene zinachedwa kuposa mkono. Za mowa tinakambirana momasuka. Anati achepetsa, akazi awo anayang'ana kumbali. Kuchipatala chaching'ono kuja tinatumiza kalata yofotokoza zimene CT inapeza, chifukwa wotumiza wodwala akapanda kumva mathero ake, mawa adzachitanso chimodzimodzi.

Chimene chinachedwa kwambiri ndi masamu. Pa masabata 6 mphamvu inali 5 pa 5 paliponse, koma nditawafunsa chenji cha K5,000 atagula zinthu za K3,250, anafika pa yankho lolondola atayambiranso kawiri. Kusunga manambala m'mutu uku ukuwerengera ndi ntchito imene mbali yakutsogolo ndi yapamwamba ya ubongo zimagwirira limodzi, ndipo thumba lija linagona pa zonse ziwiri. Tikangoyeza mphamvu ya manja n'kulemba kuti wachira, zoterezi timaziphonya, pamene kwa munthu wosunga ndalama za anthu ndi zimene zili ndi ntchito. Pa miyezi itatu ankawerengera bwino, ngakhale mosathamanga ngati kale.

Pa ulendo womaliza mwana wawo wamkazi anapempha chinthu chimene sindinachiyembekezere. A gulu anali asanaiwale za buku lija, ndipo ena ankanenabe kuti bambo ake anadya ndalama n'kunamizira matenda. Ankafuna kalata. Nditafunsa eni ake ngati akulola kuti za matenda awo zikamveke pagulu, anati, "Lembani, adokotala, mulembe m'Chichewa kuti amve onse." Ndinalemba kuti kuyambira nthawi yokolola anali ndi magazi opana ubongo, kuti matendawa amasokoneza kuwerengera munthu asanaoneke wodwala, ndipo kuti anachitidwa opaleshoni. Za ndalamazo sindinalembepo kanthu, popeza si za chipatala. Kalatayo inawerengedwa pa msonkhano wa gulu, anawerengetsanso buku lonse pamaso pa amfumu, ndipo panopa akulisunga awiri ndi mwana wawo wamkaziyo.